Kupanga timibulu ta zinc oxide towala mumdima: malangizo a mu labotale

Ntchito imene ndikufotokoza pano ikayenda bwino, mudzatsala ndi botolo loonekera mkati ngati la madzi akumwa, loti munthu wongolowa mu labotale angaganize kuti muli ethanol wamba. Koma mukazimitsa magetsi n'kuliunika ndi nyali ya UV (kuwala kwa ultraviolet kumene maso saona), botololo limayaka kuwala kobiriwira kopendekera ku chikasu. Chikuwalacho ndi timibulu ta zinc oxide timene tikuyandama mu ethanol mosaoneka ndi maso. Kambulu kamodzi kukula kwake ndi mananomita 3 mpaka 5, ndipo nanomita imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1,000,000. Kambulu ka mananomita 4 kali ndi maatomu a zinc pafupifupi 1,400 basi, ndi a oxygen ochuluka chimodzimodzi.

Zinc oxide si wachilendo kwa ife. Ndi ufa woyera uja umene umapezeka m'mafuta odzoza ana akasupuka ndi thewera, komanso m'mafuta ena oteteza khungu ku dzuwa, monga amene abale athu achialubino amadalira. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ufa umenewu ndi semiconductor. Maelekitironi ake amakhala phee pamalo awo mpaka atapatsidwa mphamvu yokwanira kulumpha mpata umene asayansi amautcha band gap. Mu zinc oxide wamibulu ikuluikulu mpatawu ndi pafupifupi 3.37 eV (eV ndi muyeso wa mphamvu zing'onozing'ono zotere), ndipo kuwala kotha kulumphitsa elekitironi pamenepo ndi kwa UV, kwa funde lotalika mananomita 370 kapena kucheperapo. Kambuluko kakachepa kufika pansi pa mananomita 7 kapena cha pomwepo, elekitironi imasowa pomwazikira, ndiye mpata uja umakula. Mankhwala ndi omwewo, maatomu ndi omwewo, koma kukula kwa kambulu kwasintha mmene kamamwera kuwala. Timibulu totere ndi timene timatchedwa ma quantum dot.

Aleksey Ekimov anaona zimenezi ku Leningrad mu 1981, m'galasi lokhala ndi copper chloride. Louis Brus anazipeza ku Bell Labs mu 1983, m'timibulu ta cadmium sulfide toyandama mumsakanizo. Moungi Bawendi ndi anzake ku MIT anapeza njira yopangira timibulu tofanana kukula mu 1993, ndipo atatuwa analandira mphoto ya Nobel ya Chemistry mu 2023. Njira ya Bawendi ndi yokongola, koma sindingauze wophunzira kuti ayambire pamenepo. Imafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 300, mpweya wa argon wotchinga mankhwala, ndiponso cadmium amene ndi poizoni woopsa. Timibulu ta lead sulfide natonso tili ndi mtovu, ndipo aliyense amene anamva zimene mgodi wa mtovu wa ku Kabwe, ku Zambia, unasiya m'nthaka ndi m'magazi a ana, ngakhale unatsekedwa mu 1994, sangatengere mtovu mopepuka. Zinc oxide amaphunzitsa phunziro lomwelo ndi zipangizo zimene labotale ya pakoleji ingakhale nazo kale.

Njira imene titsate inachokera kwa Lubomir Spanhel ndi Marc Anderson mu 1991, ndipo Eric Meulenkamp wa ku Philips Research ku Eindhoven anaifewetsa mu 1998. Musanagwire chilichonse, mvetsani ichi: kupanga zinc oxide si kovuta, amapangika yekha hydroxide akangokumana ndi zinc. Ntchito yeniyeni ndi kumuletsa kukula. Zomukulitsa ndi zitatu, madzi, kutentha ndi nthawi, ndipo sitepe iliyonse m'munsimu ikulimbana ndi chimodzi mwa zimenezi. M'malangizo ano ndikati madzi ndikunena madzi enieni. Zosungunulidwa mu ethanol ndizizitcha msakanizo, kuti tisasokonezane.

Zofunika kukhala nazo

Mankhwala ndi anayi okha. Zinc acetate dihydrate magalamu 1.10, amene ndi 5 mmol (mmol ndi muyeso wa chiwerengero cha tizigawo ta mankhwala). Lithium hydroxide monohydrate magalamu 0.29, amene ndi 7 mmol. Ethanol wa absolute, wopanda madzi, mamililita 300 kuti mukwanitse kupanga, kusungunula ndi kutsuka. Pomaliza heptane mamililita 200.

Lithium hydroxide akasowa, sodium hydroxide magalamu 0.28 amagwira ntchito, kungoti timibulu timakula msanga ndipo msakanizo suchedwa kuchita mbuu. Ngati muli ndi potassium hydroxide, kumbukirani kuti mibulu yake yambiri imakhala ndi mankhwala enieni pafupifupi 85 peresenti, kotero mufunika magalamu 0.46, osati 0.39.

Pa ethanol ndiye pamene anthu ambiri amagwera. Wa 96 peresenti ali ndi madzi ochuluka kwambiri pa ntchito imeneyi. Spiriti yapepo ya mugolosale ndiye musaiganizire n'komwe. Ngakhale botolo lolembedwa absolute, ngati lakhala likutsegulidwatsegulidwa nyengo yonse ya dzinja, lamwa kale chinyezi cha mumpweya. Ulendo wanga woyamba ndinatenga botolo lotero limene linali litafika theka pashelefu, ndipo msakanizo unayera ngati mkaka ndisanamalize n'komwe kudontheza. Ndinataya tsiku lonse ndikukayikira sikelo, pamene vuto linali m'botolomo. Tsegulani latsopano, kapena umitsani ethanol wanu ndi mibulu yomwa madzi yotchedwa molecular sieve ya 3A kwa masiku awiri.

Zipangizo ndi izi: conical flask ziwiri za mamililita 250, hotipuleti yokhala ndi maginito otakasira, beseni la madzi otentha ndi lina la ayezi, thermometer, burette kapena dropping funnel, sikelo yowerenga mpaka 0.001 g, timabotolo tagalasi ta zotsekera zolimba, ndi nyali ya UV ya 365 nm (funde la mananomita 365). Tochi zambiri zotsika mtengo zounikira ndalama ndi za 395 nm. Kuwala kwake kulibe mphamvu yokwanira kulumphitsa maelekitironi a timibulu timeneti, choncho mungaganize kuti mwalephera pamene zonse zili bwino. Magalasi onse atsukidwe, aumitsidwe mu uvuni, ndipo azizire ali otseka.

Za chitetezo sindikunena mwamwambo chabe. Mukuwiritsa ethanol, ndipo nthunzi yake imagwira moto ngakhale pa madigiri 13. Pasakhale Bunsen burner yoyaka m'chipinda chonsecho. Gwirirani ntchito mu fume hood, kabati yokoka nthunzi za mankhwala. Hydroxide akadonthera m'diso amawononga msanga kuposa asidi, choncho magalasi oteteza maso asachoke kumaso, ndipo magolovesi ndi jasi muvale. Ndasankha heptane m'malo mwa hexane chifukwa hexane amawononga mitsempha munthu akamamupuma kawirikawiri. Nyali ya UV isaloze kumaso kwa munthu. Iyi si ntchito yochitira kunyumba kapena m'khichini.

Kusungunula

Yambani ndi hydroxide, chifukwa ndi amene amachedwa. Thirani ethanol mamililita 50 mu flask yoyamba, kenaka pimani hydroxide mwachangu, mumuthiremo, ndi kutseka pomwepo. Sodium hydroxide makamaka sadikira. Mukamusiya pasikelo mphindi ziwiri mwezi wa January, mudzamuona akunyowa yekha, ndipo kulemera kumene sikelo ikuonetsa kudzakhala kwa madzi pang'ono. Amamwanso carbon dioxide wa mumpweya n'kusanduka carbonate amene sasungunuka mu ethanol. Ngati muli ndi ultrasonic bath, ikani flask m'menemo. Ngati mulibe, takasani ndi maginito ndipo lezani mtima, zingatenge theka la ola kapena kupitirira. Akasungunuka yense, ikani flask mu ayezi.

Mu flask yachiwiri thirani zinc acetate ndi ethanol mamililita 50. Ikani flask m'beseni la madzi otentha pa hotipuleti, maginito akuzungulira, mpaka ethanol ayambe kuwira pa madigiri 78. Ufa udzasungunuka ndipo msakanizo udzaonekera mkati. Musauwiritse nthawi yaitali pamtunda, chifukwa ethanol akauluka kuchuluka kwa zinc pa mililita iliyonse kumasintha. Lembani mzere pa flask musanayambe, ndipo ngati msakanizo watsika, onjezerani ethanol mpaka pamzerepo.

Ukangosungunuka, uchotseni pa hotipuleti, dikirani pang'ono kuti galasi lisasweke ndi kuzizira kwadzidzidzi, kenaka ikani mu ayezi. Pamenepa pali chinthu chimene chimaopsa anthu ambiri: msakanizo ukamazizira, ufa woyera umayamba kugwa pansi. Musataye. Ameneyo ndi zinc acetate yemweyo amene ethanol wozizira walephera kumunyamula yense, ndipo adzasungunukanso hydroxide akayamba kulowa. Dikirani mpaka thermometer ionetse madigiri 0 mpaka 2 m'ma flask onse awiri. Beseni likhale la ayezi wosakaniza ndi madzi pang'ono, osati ayezi yekha, kuti kuzizira kukhudze galasi mbali zonse.

Kudontheza

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Flask ya zinc ikhale mu ayezi, maginito azungulire mwamphamvu mpaka pakati pa msakanizo pachite kadzenje. Thirani hydroxide wozizira uja mu burette ndipo yambani kudontheza pang'onopang'ono, kuti mamililita 50 onse athe m'mphindi 10 mpaka 15. Lembani nthawi imene dontho loyamba lagwa ndi imene lomaliza lagwa.

Gawo limodzi mwa magawo atatu a hydroxide likalowa, ufa woyera uja umazimiririka ndipo msakanizo umaonekeranso mkati. Uyenera kukhala choncho mpaka kumapeto. Timibulu ta mananomita 3 ndi tating'ono kwambiri moti sitingamwaze kuwala kooneka ndi maso, n'chifukwa chake msakanizo wabwino umaoneka ngati mulibe kanthu. Ukachita mbuu ndiye kuti timibulu taunjikana kapena takula mopitirira.

Chimene chikuchitika mu flask n'chosavuta kulemba: zinc acetate mmodzi ndi hydroxide awiri amapereka zinc oxide mmodzi, madzi, ndi acetate awiri. Ndiye mudzafunsa kuti, ngati pakufunika hydroxide awiri pa zinc mmodzi, bwanji tapima 7 mmol m'malo mwa 10? Tachita dala. Ndi 7 mmol, zinc wosapitirira 70 peresenti ndi amene angasanduke oxide, ndipo sitingapeze zinc oxide woposa magalamu 0.28. Zinc wotsalayo pamodzi ndi acetate amamatirira pamwamba pa timibulu n'kutiletsa kugundana ndi kumatana. Mukachulukitsa hydroxide, chitetezo chimenechi chimatha, timibulu timakula msanga n'kugwa pansi. Ndaonapo ophunzira akuonjezera hydroxide poganiza kuti akukonza cholakwika cha m'malangizo. Masamu awo anali olondola, koma msakanizo unawonongeka.

Kutakasa mwamphamvu kuli ndi chifukwa chakenso. Victor LaMer ndi Robert Dinegar anafotokoza mu 1950 kuti timibulu timafanana kukula ngati tonse tabadwa nthawi imodzi kenaka n'kukulira limodzi. Zili ngati munda umene mbewu zonse zamera sabata imodzi, kusiyana ndi wobzala mojomphajompha. Dontho la hydroxide likagwa pamalo osatakasika, pamenepo hydroxide amachuluka kwa kanthawi, timibulu tapamenepo timakula kuposa tinzake, ndipo kusiyana kumeneko sikudzathanso. Kuzizira kumachedwetsa kukula kuti inu mupeze mpata woyeza.

Dontho lomaliza likagwa, pitirizani kutakasa mu ayezi mphindi zisanu. Kenaka tapani pang'ono m'kabotolo, zimitsani magetsi, ndi kuunika. Musakhumudwe ngati kuwala kuli kofooka kapena kopendekera ku buluu. Timibulu tongobadwa kumene timakhala tating'ono kwambiri moti ngakhale kuwala kwa 365 nm sitikumwa bwino. Tikamakula timawala mwamphamvu, ndipo mtundu umasuntha kuchoka ku buluu wobiriwira kupita ku chikasu.

Kuwala kumeneku sikuchokera ku band gap mwachindunji, chifukwa elekitironi yobwerera molunjika kudutsa mpata umenewo imatulutsa UV amene maso saona. Kobiriwirako kumabwera elekitironi ikayamba yakodwa pamalo opunguka m'kambulu, ndipo ofufuza ambiri amaloza malo amene atomu ya oxygen ikusowa. Pa kambulu kakang'ono chotere, gawo lalikulu la maatomu lili pamwamba penipeni, ndiye malo oterewa ndi ambiri.

Gawani patatu

Musasunge msakanizo wonse pamodzi. Tengani timabotolo titatu, thirani mamililita 10 m'kalikonse, tsekani mwamphamvu ndi kulemba tsiku ndi nthawi. Koyamba kapite mufiriji ya madigiri 4 kapena kutsika. Kachiwiri kakhale patebulo, ndipo lembani kutentha kwa chipinda, chifukwa tebulo la ku Chikwawa mwezi wa October si lofanana ndi la ku Dedza mwezi wa June, ndipo timibulu timamva kusiyana kumeneko. Kachitatu kaikeni m'madzi a madigiri 60 kwa ola limodzi, chotsekera chitamasulidwa pang'ono, mkati mwa fume hood. Wotsalawo usungeni mu ayezi podikira kutsuka.

Firiji ikhale ya mu labotale, osati yosungiramo chakudya. Firiji wamba ili ndi siwichi mkati imene ingathethetse moto, choncho kabotolo ka ethanol kasalowemo kosatseka bwino. Magetsi akazima usiku, lembaninso zimenezo m'buku, chifukwa maola angapo ofunda adzaoneka pa zotsatira zanu.

Chimene chimakulitsa timibulu tikangokhala chimatchedwa Ostwald ripening. Tating'ono kwambiri timasungunuka mosavuta kuposa tokulirapo, ndiye zinc wochoka ku tating'ono amakamatirira pa tokulirapo. Pang'ono ndi pang'ono tating'ono timatha, totsala timanenepa. Madzi ndi kutentha zimafulumizitsa zimenezi. Ndipo dziwani kuti madzi ena muli nawo kale mu flask ngakhale ethanol akhale wouma chotani: zinc acetate dihydrate wabweretsa 10 mmol, lithium hydroxide monohydrate 7 mmol, ndipo kupangika kwa oxide kwatulutsa ena 3.5 mmol. Amenewo ndi okwanira. Oonjezera aliwonse ndi amene amawononga.

Kuyeza kukula ndi kuwala

Maso okha sangakuuzeni kukula kwa timibulu. Chida chimene chingatero mosavuta ndi UV-Vis spectrophotometer. Cuvette, kabotolo koikamo msakanizo m'makinawa, ikhale ya quartz. Yapulasitiki wamba ndi yagalasi zimamwa UV pamalo pomwepo pamene inu mukufuna kuyang'ana, ndipo mzere umene mungapeze ungakhale wa cuvette osati wa timibulu.

Msakanizo wanu ndi wokhuthala kwambiri pa makinawa, choncho tapani mamililita 0.1 muwathire mu ethanol wouma mamililita 5. Yambani mwayeza ethanol yekha kuti makina adziwe poyambira, kenaka yezani msakanizo kuchokera pa 450 nm kutsika mpaka 250 nm. Kuyambira pa 450 mpaka cha m'ma 380 mzere uyenera kugona pansi pafupi ndi ziro. Kenaka udzakwera mwadzidzidzi ngati phiri, n'kupanga kaphewa pamwamba. Kutalika kwa kaphewako kukhale pakati pa 0.3 ndi 1. Kukapitirira, onjezerani ethanol.

Pezani pamene mzere wafika theka la kutalika kwa kaphewa, ndipo werengani funde la pamenepo. Gawani 1240 ndi nambala imeneyo kuti mupeze mphamvu mu eV. Mwachitsanzo, ngati theka lagwa pa 345 nm, 1240 kugawa ndi 345 ndi 3.59 eV, kuposa mpata wa zinc oxide wamibulu ikuluikulu. Umenewo ndiwo umboni woti mwapangadi ma quantum dot. Meulenkamp anayerekezera nambala zimenezi ndi kukula kumene anayeza ndi electron microscope ndi X-ray, ndipo potsatira ntchito yake, 340 nm ndi timibulu ta mananomita pafupifupi 3, 350 nm ndi pafupifupi 3.7, pamene 360 nm ndi pafupifupi 5. Onani mmene nambala zikuthinirana kumapetoku. Timibulu tikamakula, kusuntha kwa mzere kumachepa, ndipo tikadutsa mananomita 7 njira imeneyi siithanso kutisiyanitsa.

Kaimidwe ka phirilo kalinso ndi uthenga. Likakwera chilili ndi kaphewa kooneka bwino, timibulu ndi tofanana kukula. Likakwera mopendekera popanda kaphewa, muli tating'ono ndi tatikulu tosakanikirana, ndipo kawirikawiri vuto limakhala pa katakasidwe kapena kadonthezedwe. Mzere ukalephera kugona pansi pakati pa 400 ndi 450 nm, timibulu taunjikana ndipo tikumwaza kuwala.

Yezani pakatha mphindi 5, mphindi 30, maola 2, ndi tsiku limodzi. Yezaninso kabotolo kotenthetsedwa kaja kakangozizira. Mizere yonse muijambule pa pepala limodzi. Kwa ine palibe gawo lokoma kuposa limeneli, pamene wophunzira akuona ndi maso ake mzere ukusuntha kupita kumanja pa mankhwala omwewo, popanda kuthiramo kanthu kena.

Kutsuka

Msakanizo wanu uli ndi lithium acetate ndi zinc acetate wotsala. Ngati mukufuna kupaka timibulu pagalasi, kuyeza ndi X-ray, kapena kutisunga nthawi yotalikirapo, muyenera kutsuka. Tengani mamililita 20 a msakanizo wozizira, ndipo thirani heptane pang'onopang'ono mukugwedeza. Heptane akafika kawiri kapena katatu kuchuluka kwa msakanizo, zonse zidzachita mbuu. Apa mbuu ndi wofunika, chifukwa timibulu sitikhazikika mu heptane, ndiye timagwirana n'kuyamba kutsika. Lekani kuthira mbuu akangooneka bwino. Mukapitiriza, mchere umene mukufuna kuchotsa nawonso udzagwa pamodzi ndi timibulu.

Mukaona heptane ndi ethanol zapatukana, china pamwamba china pansi, dziwani kuti ethanol wanu anali ndi madzi. Ethanol wouma amasakanikirana ndi heptane bwinobwino.

Zungulitsani pa centrifuge mphindi 5 pa liwiro la 3,000 mpaka 4,000 rpm, machubu atalemera mofanana mbali zonse komanso atatsekedwa. Ngati mulibe centrifuge, ikani mu ayezi mudikire zidikhe zokha. Tsanulani zapamwamba mosamala, ndipo zoyera zotsala pansi zithireni ethanol wozizira mamililita 10 mpaka 20 nthawi yomweyo, zikadali zonyowa. Gwedezani, ndipo ziyenera kubwerera kukhala zoonekera mkati. Bwerezani kamodzi kapena kawiri, osapitirira apo. Kutsuka kulikonse kumachotsako acetate wa pamwamba pa timibulu, ndipo akatha yense timibulu timamatana osabwereranso. Chimodzimodzi mukazisiya ziume gwa. Ufa wouma subwerera kukhala msakanizo woonekera mkati, ngakhale muugwedeze tsiku lonse.

Ngati muli ndi mwayi wa X-ray diffraction

Si labotale iliyonse imene ili ndi makinawa, koma ngati mungatumize ufa kwina, tsukani msakanizo wonse wotsala ndi kuumitsa pa kutentha kwa chipinda kapena pansi pa madigiri 60. Zinc oxide ameneyu maatomu ake amayalana mwa mtundu wa wurtzite, ndipo ndi X-ray ya copper, ya funde la 0.154 nm, nsonga zikuluzikulu za mzere umene makinawa amajambula zimaoneka pa ngodya za madigiri 31.8, 34.4 ndi 36.3. Pa timibulu ta mananomita 3 kapena 4 nsonga zitatuzi zimafutukuka mpaka kulowererana, choncho powerengera kukula gwiritsani ntchito ya pa 47.5 kapena 56.6 imene yaima payokha. Masamu ake ndi a Scherrer: chulukitsani 0.9 ndi 0.154, kenaka gawani ndi kufutukuka kwa nsonga pa theka la kutalika kwake kochulukitsidwa ndi cosine wa theka la ngodya. Kufutukukako kukhale mu ma radian, osati madigiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Nsonga ya pa 47.5 ikafutukuka madigiri 2.2, timibulu ndi ta mananomita pafupifupi 4. Yankho limeneli liyenera kuyandikana ndi lija la UV-Vis.

Musawotche ufawu mu ng'anjo. Njira zambiri zopangira zinc oxide, kuphatikizapo zija zogwiritsa ntchito madzi a masamba a mitengo, zimathera pa kuwotcha ufa pa madigiri 400 kapena 500. Ufa umenewo uli ndi ntchito zake zabwino, monga kuphwanya utoto m'madzi oipa pogwiritsa ntchito kuwala, koma kutentha kotere kumalumikiza timibulu mpaka kufika mananomita makumi angapo. Pamenepo band gap yabwerera pa 3.3 eV kapena cha pomwepo. Zimandipweteka kuona lipoti la wophunzira wakhama likutcha ufa wotere ma quantum dot, pamene mzere wake wa UV-Vis ukuonetsa poyera kuti si choncho. Lembani chimene mzere wanena.

Zotsala zonse, heptane, ethanol ndi zotsukira, zithireni m'botolo la zinyalala za mankhwala oyaka, lolembedwa bwino kuti muli zinc. Musathire mu sinki. Zinc oxide ndi poizoni kwa nsomba ndi tamoyo tina ta m'madzi, ndipo paipi ya sinki imathera mumtsinje umene anthu akumunsi amatungamo ndi kuwedzamo. Mapepala opukutira ndi magolovesi okhudza ufa aikidwe m'thumba lotseka akadali onyowa, kuti fumbi lake lisauluke n'kupumidwa.

Pakatha sabata, tulutsani timabotolo titatu tija, mutiimike pamzere m'chipinda chamdima ndi kuyatsa nyali. Ka mufiriji kayenera kukhala koonekerabe mkati, kakuwala mobiriwira, ndipo mzere wake utasuntha pang'ono chabe. Kotenthetsedwa kadzakhala kachikasu kuposa tinzake, mzere wake uli cha ku 360 nm. Ka patebulo kadzatengera nyengo ya kwanuko: kumalo ozizira kangakhale kadakali koonekera mkati, pamene kotentha mungakapeze katayamba mbuu, ufa woyera utadikha pansi. Yezani tonse titatu komaliza, ndipo pambali pa mzere uliwonse lembani kutentha kumene kabotoloko kanakhalamo, masiku amene kakhala, ndi tsiku limene botolo la ethanol linatsegulidwa.